Mano oikirira a pansi akundivuta, mwana akuti ndikaikitse timisomali ku Joni

Aphunzitsi a pa Chitakale:

Moni nonse. Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi kwa milungu itatu chifukwa nkhani yake ndi yamanyazi, koma poti pano simukundiona nkhope ndingomasuka. Paja safunsa anadya phula.

Ndine mayi wa zaka 63, ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndimakhala kufupi ndi pa Chitakale kuno ku Mulanje. Mano anga anatha ndi chiseyeye. Sanathe tsiku limodzi ayi. Linkayamba kugwedera limodzi, ndikapita kuchipatala n'kulizula, pakapita miyezi lina layambanso, mpaka pofika 2017 ndinatsala ndi asanu ndi awiri okha, nawonso ogwedera ngati mitengo ya mpanda yodyedwa ndi chiswe. Anazula onsewo, ndipo zilonda zitapola ndinakapangitsa mano oikirira ku Blantyre, a m'mwamba ndi a pansi.

A m'mwambawa ndilibe nawo mlandu. Ndikawaika m'mawa amagwira nganganga mpaka usiku. Vuto ndi a pansiwa. Zaka ziwiri zoyambirira ankakhalako bwino, koma panopa akungoyandama. Ndikayankhula mofulumira amagogodana ndi a m'mwamba, ineyo n'kumadzimvera ndekha. Ndikatafunira kumanja, kumanzere kumadzuka. Za nzimbe ndi chimanga chootcha ndinaiwalako kalekale, zimenezo sindidandaula. Koma nandolo, anthu inu! Kakhungu ka nandolo kapena kanjere ka tomato kakalowa kunsi kwa manowa kamabaya ngati munga, moti ndimadzuka chakudya chili pakati kupita kuseri kukawavula ndi kuwatsuka. Kwa eni ake ndimangodya nsima ndi msuzi, ndiwo n'kuzikankhira pambali, anthu n'kumayesa ndikunyoza maphikidwe awo.

Chomwe chandilembetsa ndi zimene zinachitika mwezi watha pa maliro a mnzathu wa Mvano. Pa gulu lathu woyambitsa nyimbo ndine, kuyambira kale. Usiku umenewo tili m'nyumba ya siwa, nyali imodzi pakona, ndinayambitsa nyimbo bwinobwino. Pofika pa kolasi, pamene ndimati ndikweze mawu, lilime linakankha manowo, n'kutumphuka, n'kugwera pachitenje. Ndinawaphimba ndi dzanja n'kuyerekeza kutsokomola. Mayi amene anakhala moyandikana nane anaona zonse. Sananene kanthu, anangoitola nyimboyo pomwe ndinaisiyira n'kupitiriza ngati tinapangana. Ambuye amudalitse mayi ameneyo. Koma kuchokera tsiku limenelo ndimangogwedeza milomo, anzanga akafunsa ndimati ndi chifuwa.

Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku Johannesburg. Poyamba ananditumizira kirimu womatira mano kudzera mwa anyamata a mabasi. Amathandizako ndithu, koma amangogwira kuyambira m'mawa kufika masana, ndikamwa tiyi wotentha zayambiranso, ndipo machubu awiri omwe anatumiza anatha. Tsopano wanditumizira chithunzi pa WhatsApp cha zimene akuti ma mini implant: timisomali tinayi tolowetsedwa m'fupa la nsagwada, mitu yake yobulungira ili kunja, manowo n'kumangowaveka pamwamba pake. Akuti, "Amayi ingobwerani, tsiku limodzi zatheka."

Ine mtima sukukhazikika. Kuboola fupa si masewera. Ndili ndi matenda a shuga, ndimamwa metformin kuyambira 2019, ndipo ndikudziwa kuti kwa ife bala limachedwa kupola. Ndiye ndikaganizanso kuti chabwino, andiika, ndabwerera kuno kuphiri, kenaka china chake chavuta, ndidzathamangira kwa yani? Kuno ntchito ya mano yomwe ndimaidziwa ine ndi yozula ndi kumata. Alipo pano amene anaikitsapo timisomali timeneti, kapena wodziwa za mano, andiuze zoona zake? Musandinyengerere, ndinaphunzitsa Sitandade 8 zaka zambiri, zowawa ndimatha kumva.

Mnyamata wa pa Bvumbwe:

Amayi musayerekeze. Chitsulo chizikhala m'malovu usana ndi usiku, dzimbiri likayamba mudzatani? Agogo anga anakhala zaka zambirimbiri opanda dzino ndi limodzi lomwe, ankadya ndi nkhama ngakhale nyama, anamwalira ndi ukalamba basi. Ndalama imeneyo mwanayo akugulireni malata. Apo ayi mungodonthezapo super glue pang'ono kkkk.

Wa Mano Kummwera:

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa. Ndineneretu kuti ine sindine woika ma implant. Ndine dental therapist, ndinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yomwe mwanenayo, kuzula, kumata ndi kutsuka mano. Koma ovala mano oikirira ndimawaona ambiri, kuphatikizapo ena oti anaikitsa timisomali timeneti kunja.

Achimwene a pa Bvumbwe, za super glue ndikudziwa mukungocheza, koma ndinalandirapo bambo wina yemwe anamatadi mano ake othyoka ndi guluu ameneyo. Anabwera nkhama zili psuu, manowo atalumikizidwa mopotoka moti sakanakonzekanso. Za dzimbiri musade nkhawa. Timisomaliti ndi ta titanium, chitsulo chomwe madokotala a mafupa amagwiritsanso ntchito m'chiuno kapena pa mwendo wothyoka. Sichichita dzimbiri m'thupi, ndipo fupa silichikana, limamera n'kuchikumbatira. Anatulukira zimenezi ndi dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark. Munthu wake woyamba anamuika mu 1965, ndipo bamboyo anakhala nazo zaka 40 mpaka tsiku la imfa yake.

Tsono Aphunzitsi, manowo sanakule ayi, yachepa ndi nsagwada yanu. Fupa lomwe limagwira mano limakhalapo chifukwa cha manowo. Akazulidwa limayamba kuphwa, kwambiri chaka choyamba, kenaka pang'onopang'ono moyo wonse, ndipo la pansi limaphwa msanga kuposa la m'mwamba. Zili ngati mzere wa m'munda wosabandira, mvula iliyonse ikuuchepetsa. Mano anu anawayeza pa mzere wa 2017, lero akukhala pa mzere wina. A m'mwamba amapulumukira poti ali ndi malo aakulu oyamwirapo. A pansi ndi kachinthu kopapatiza kokhota, m'kati mwake muli lilime likukankha, kunja masaya ndi mlomo zikukankhanso. N'chifukwa chake pafupifupi aliyense wodandaula amadandaula a pansi.

Implant wamba amakhala wonenepa mamilimita apakati pa 3.5 ndi 5. Koma ma mini implant, timisomali tating'ono timeneti, sitifika mamilimita 3, tambiri timakhala cha m'ma 2, ngati kamtengo ka machesi, kutalika kwake kuyambira mamilimita 10. Kamsomali ndi mutu wake ndi chinthu chimodzi. Ku nsagwada ya pansi kawirikawiri amaika tinayi, tonse kutsogolo, chifukwa cha kumbuyoko kumadutsa mtsempha wopita ku mlomo wa pansi ndi chibwano. Ukakhudzidwa umenewo mlomo umachita dzanzi kwa miyezi, nthawi zina osatheratu. Choncho amene angafune kukuikani asanajambule X-ray ya nsagwada yonse, dzukani pampandopo muzipita.

Pa tsikulo amakubayani jakisoni wa dzanzi yemweyo wa pozula dzino. Nthawi zambiri sang'amba nkhama, amangoboola kabowo kakang'ono n'kumapotokola kamsomaliko pang'onopang'ono mpaka kakhazikike. Akatero amagoba kunsi kwa mano anu oikirira, n'kuikamo tizipewa tachitsulo tinayi, kalikonse kali ndi kamphira kozungulira m'kati. Kamphirako ndi komwe kamagwira mutu wa kamsomali. Ngati fupa lagwira zolimba, mumatuluka tsiku lomwelo mano atagwira. Ngati dokotala wamva kuti fupa ndi lofewa, amaika kaye zofewa kunsi kwa manowo n'kudikira miyezi kuti fupa limere. Ndiye "tsiku limodzi" la mwana wanulo ndi loona kwa ena, koma wolamula ndi fupa lanu, osati tikiti ya basi.

Mudziwenso kuti sitisandutsa manowo kukhala obadwa nawo. Adzakhalabe ovula usiku, ndipo kulemera kwa kutafuna kudzagwerabe pa nkhama. Ntchito yake ndi kuwaletsa kudzuka ndi kutsetsereka, ndipo pa ntchito imeneyo ku nsagwada ya pansi timachita bwino. M'mwamba timalephera kawirikawiri chifukwa fupa lake ndi lofewa, koma inu kumeneko simukufunako kanthu. Poti ndi topyapyala, tikhoza kupindika kapena kuthyoka kwa munthu woluma mwamphamvu kapena wokukuta mano kutulo. Ilipo njira inanso yomwe muyenera kuifunsa: ma implant awiri aakulu aja m'malo mwa tating'ono tinayi. Akatswiri atakumana ku McGill University ku Canada mu 2002 anagwirizana kuti kwa munthu wopanda mano onse a pansi, chithandizo choyamba kuganizira ndi mano oikirira ogwidwa ndi ma implant awiri. Kungoti amenewo amafuna fupa lotambalala, kawirikawiri amadikira miyezi pafupifupi itatu asanawavekepo mano, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Tating'onoti timathandiza makamaka anthu omwe fupa lawo lapyapyala.

Za shuga. Kukhala ndi matendawa sikuletsa, choletsa ndi shuga wosaweta. Kayezetseni HbA1c, si kuja kobaya pachala m'mawa ayi, koma kuyeza komwe kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Ambiri amafuna nambala yake ikhale pafupi ndi 7. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine kuposa shuga payekha ndi shuga kuphatikiza chiseyeye chomwe chinakutherani mano. Tizilombo ta mtundu womwewo timathanso kudwalitsa nkhama zozungulira kamsomali n'kudya fupa, kamsomali n'kuyamba kugwedera ngati mano anu aja. Ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, kapena olimbitsa mafupa monga alendronate, muwauze asanakugwireni.

Koma zonsezi zisanachitike, funso langa ndi ili: chipangitsireni manowo, munabwererako kuti akawonjezere kunsi kwake? Timati reline. Amathira phala loyezera m'kati mwa mano anu omwewo, inu n'kuluma, kenaka ku labu n'kudzaza mpata womwe fupa lasiya. Palibe kuboola, palibe jakisoni, ndipo ku Blantyre zimachitika.

Kalaliki wakale wa ku Luchenza:

Mayi, ine ndili nato m'kamwa muno pamene ndikulemba. Ndili ndi zaka 68, ndinali kalaliki pa esiteti ya tiyi. Anandiika ku Joni mu 2022, mwana wanga wamkazi ndiye analipira, ndipo mpaka lero amakana kundiuza ndalama zake zonse, amangoti "Adadi idyani".

Za ululu musaope. Chinandipweteka kwambiri ndi basi, masiku awiri kudzera ku Mwanza, Tete mpaka Beitbridge, miyendo itatupa. Pampando paja sindinamve kuwawa, ndinkangomva kunjenjemera kukufika m'khutu, kenaka dokotala akupotokola ndi dzanja ngati akumanga wailesi. Kuzula dzino la kumapeto kunandizunza kuposa apa. Madzulo ake kunayamba kufufuma, ndinamwa panado masiku atatu, n'kutha. Milungu yoyambirira ndinali wa phala, mazira ndi nthochi. Koma tsiku loyamba lomwe anandiveka mano n'kumva kuti tha! m'kamwa, ndinagwedeza mutu uku ndi uku, kuyasamula, kuwerenga wani mpaka teni mokweza, osasuntha. Ndinaseka ndekha ngati mwana. Nditabwerera kumudzi ndinayamba ndi chinangwa chophika, kenaka mtedza wokazinga womwe ndinali nditausiya zaka zisanu.

Tsono ndikuuzeni zomwe mwana wanu sakudziwa, poti iye waona chithunzi chokha.

Choyamba ndi kulakwa kwanga. Dokotala atandifunsa ngati ndimasuta ndinati ndinasiya. Ndinali nditasiya masiku awiri a m'basi aja. Patatha milungu isanu, ndili kuno, kamsomali ka kumanzere kanayamba kupweteka ndikaluma, nkhama n'kutupa, ndikakakhudza ndi chala kakugwedera. Ndinapita ku Blantyre kwa dokotala wapulaiveti, anangokapotokola ndi kachitsulo n'kutuluka, osavuta n'komwe, kusonyeza kuti fupa silinakagwire. Anandiuza mosabisa kuti fodya amachepetsa magazi ofika ku nkhama. Ndinatsala ndi titatu, ndipo titatuto tikugwirabe mpaka lero. Fodyayo ndinasiya zenizeni, mochedwa.

Chachiwiri ndi timphira. Palibe anandiuza momveka kuti timatha. Patapita miyezi isanu ndi itatu mano anayamba kumasuka, tha! uja osamvekanso. Ndinagwa mphwayi, ndimvekere ndalama za mwana zalowa m'madzi. Ndinazungulira Limbe ndi Blantyre, kumene ndinapita ankayang'ana n'kundifunsa kuti timisomali tanu ndi ta kampani yanji, saizi yanji? Ine kukamwa yasa. Kani kampani iliyonse ili ndi timphira take, ta wina sitilowa pa wina. Mwana anachita kupempha tchuthi kuntchito, kubwerera komwe anandiika, kukatenga dzina ndi nambala, n'kugula timphira n'kutitumiza pa basi mu envulopu. Miyezi iwiri ndikudikira kanthu kochepa ngati njere ya mapira. Titafika, kusintha kwake kunali kwa mphindi zisanu, kutokosola kakale ndi kasingano n'kukankhiramo katsopano. Lero ndimasintha ndekha pakhonde nditavala magalasi.

Ndiye mukapita, musachoke musanalandire pepala lolembedwa dzina la kampani, saizi ndi kutalika kwa timisomali, X-ray yanu, ndi kathumba ka timphira tambiri. Akuonetseni kusintha kwake inu mukuona. Kumbukiraninso kuti ife a pasipoti ya Malawi pa boda amatidindira masiku 30 okha. Musakaikitse sabata yomaliza. Kaikitseni masiku oyamba kuti akuoneninso kawiri kapena katatu musanakwere basi, chifukwa pamakhala potikita pofunika kupala.

Zina ndi zing'onozing'ono. Kuvula kumafuna kuzolowera, zala zazikulu ziwiri kunsi, kukweza mbali zonse pamodzi, mukakoka mbali imodzi mukupinda kamsomali. Usiku woyamba kugona opanda mano timitu tija timakanda lilime, kenaka lilime limazolowera. Ndimatitsuka ndi mswachi wa ana m'mawa ndi madzulo, kuzungulira kamodzikamodzi. Manowo anang'alukapo kamodzi pomwe pali kachipewa nditaluma fupa la mbuzi, popeza pogobapo pamatsala popyapyala. Koma mukandifunsa ngati ndingabwerezenso, inde, mawa lomwe. Nandolo amalowabe kunsi, musanamizidwe, koma pang'ono.

Aphunzitsi a pa Chitakale:

Zikomo kwambiri nonse, ngakhale inu a super glue. Ndawerenga kawiri, kachiwiri ndili ndi cholembera.

Adokotala, kapena ndizikuitanani chiyani poti mwakana udokotala, yankho ndi loti ayi, sindinabwererekonso chiwalandirireni. Ndinkayesa mano oikirira ali ngati mbale, ukagula wagula. Liwu loti reline ndalimva lero. Za shuga, m'buku langa la kuchipatala manambala a m'mawa amakhala 9, nthawi zina 11, ndipo ndivomere kuti nyengo ya mango ndi nanazi ndimachimwa. HbA1c sindinayezetsepo. Ndinatsikanso thupi, masiketi anga onse anapita kwa telala kukabweza. Kodi zimenezo zikukhudzana?

Ndiululenso china. Ine ndimagona nawo manowa. Ndinayamba bambo a kunyumba akadali moyo, sindinkafuna andione masaya atalowa, ndiye chinangosanduka chizolowezi. M'mwambamu mumafiira nthawi zina koma simupweteka.

Bambo a ku Luchenza, nkhani yanu ya timphira ndi yomwe yandigwira mtima, chifukwa mantha anga enieni anali pamenepo, kungoti sindinkadziwa dzina lake. Ine fodya sindisuta. Koma nanga kuno kwathu sizingachitike, kuti munthu wondiika akhale woti ndikhoza kumupeza ndi minibasi?

Wa Mano Kummwera:

Ingonditchulani mwana wanu, Aphunzitsi, zikwanira.

Kutsika thupi kukukhudzana ndithu. Munthu akaonda nkhama ndi masaya zimasinthanso, mano oikirira n'kuyamba kukhwepa. Ndipo pali kuzungulira pamenepa: mano akamavuta munthu amathawira ku nsima, phala, buledi ndi tiyi wa shuga, ndiwo zofuna kutafuna n'kuzisiya, shuga n'kumakwera. Manambala a 9 ndi 11 m'mawa musanadye ndi okwera. Pitani nalo bukulo ku kiliniki ya shuga mukawauze kuti mukukonzekera opaleshoni ya m'kamwa, aone ngati mankhwala akufunika kusintha.

Kugona nawo lekani kuyambira lero. Kufiira m'mwambako kawirikawiri kumakhala mafangasi omwe amakonda malo ofunda osapita mphepo, ndipo odwala shuga amawagwira msanga. Pali mankhwala ake, koma mukapitiriza kugona nawo zimabwereranso. Muziwatsuka ndi mswachi ndi sopo wamba, muli pamwamba pa beseni la madzi kuti akapulumuka asasweke, n'kuwaviika m'kapu ya madzi ozizira. Madzi owira amawapinda.

Ku Blantyre ndi ku Lilongwe zilipo zipatala za mano zapulaiveti zomwe zimaika ma implant. Zipangizo zake zimachokera kunja, ndiye mtengo umatsatira dola, ndipo si onse amene amasunga tating'onoti, muyenera kufunsa. Funsaninso ngati dokotalayo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, waikapo anthu angati, ndipo kamsomali kakalephera adzachita chiyani, mudzalipiranso kapena ayi. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, sukulu yawo inayamba mu 2019 ku College of Medicine, komwe pano ndi Kamuzu University of Health Sciences. Kwa ine, wokuikani wapafupi amaposa wakutali ngakhale wakutaliyo atakhala ndi makina okongola, chifukwa timisomaliti timafuna kuonedwa kamodzi kapena kawiri pa chaka. Mukasankha ku Joni, pezani kaye wa kuno yemwe wavomera kuti azidzakuonani.

Chinanso, mano a 2017 akalamba. Ambiri amasinthidwa pakatha zaka zapakati pa 5 ndi 10. Akawaone ngati angapirire kugobedwa, chifukwa kuika tizipewa pa mano otha kuli ngati kukhoma loko watsopano pa chitseko chofumbwa.

Mnyamata wa pa Bvumbwe:

Chabwino ndagonja, za titanium sindimazidziwa. Koma za malata ndikadali pomwepo kkk. Muchire Amayi.

Aphunzitsi a pa Chitakale:

Ndabweranso patatha milungu isanu ndi umodzi, ndisakhale ngati odwala aja amene akachira satsanzika.

Ndinakwera minibasi ya m'mawa kudzera msewu wa Midima mpaka ku Limbe, n'kulumikiza ya m'tauni. Dokotala anathira phala lija m'mano anga, lozizira, lonunkhira ngati mankhwala otsukira mano, n'kuti lumani, tulutsani lilime, nenani aaa. Kenaka anati manowo atsala kuti apite ku labu, ndikawatenge mawa lake. Zimenezo simunandichenjeze, mwana wanga! Mwayi m'chikwama munali kamasiki ka nthawi ya korona, ndinavala kameneko mpaka kwa mchemwali wanga ku Bangwe komwe ndinagona, kondakitala akandifunsa ndikungoloza ndi chala.

Kusiyana kulipo kwakukulu. Sakugogodanso, ndipo ndikatafunira kumanja, kumanzere kukungonyamuka pang'ono. Anandichekera kumanzere masiku oyamba mpaka kachilonda, ndinabwereranso n'kupala pomwe pamatikitapo. Kulimba ngati a m'mwamba ayi, ndisaname. Ndikayasamula kwambiri amadzukabe.

X-ray anajambula. Akuti kutsogolo fupa likadali lalitali mokwanira, koma atapapasa ndi chala anati lapyapyala ngati mpeni, moti aakulu aja sangalowe popanda ntchito ina yowonjezera, tating'onoti tingalowe. Koma HbA1c inatuluka 8.8. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, mmene ndinkayang'anira ana osalemba homuweki, n'kuti tikumane pakatha miyezi itatu ndi nambala ina. Akutinso ngati tidzaike, adzapanga mano a pansi atsopano, awa atha. Ku kiliniki ya shuga anandiwonjezera mankhwala, ndipo tiyi ndikumwa wopanda shuga, nkhope ili tsinyaa. Kapu ya madzi ili pampando pafupi ndi bedi, mdzukulu wanga anaiona m'mawa wina n'kuthawa akukuwa.

Mwana ku Joni wakhumudwa pang'ono, anali atafunsa kale za tchuthi. Ndamuuza kuti ndalamayo aisunge, asaidye, ndipo akayerekeze mtengo wa kumeneko kuphatikiza basi ndi wa kuno.

Lachinayi lapitali ku Mvano ndinayambitsa nyimbo imodzi, yaifupi, yosakwera kwambiri, dzanja lili chire pafupi ndi chibwano. Mayi uja anali pambali panga, anangondigunda ndi chigongono.

Bambo a ku Luchenza, timphira tija pa chaka mumatha tingati? Ndikufuna ndilembe m'kope kuti podzafunsa mtengo ndidzafunsiretu ndi timeneto.